Land Cruiser 75 yakale: ndiyambe turbo, matayala kapena chiyani?

Mlimi_wa_ku_Bua

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndagula Land Cruiser 75 ya pikapu, ya 1996, injini ya dizilo ya 1HZ. Mita ikuti makilomita 380,000, ngati ikunena zoona. Ntchito yake ikhala kututa mpunga ndi feteleza kumadambo a ku Bua, ndipo nthawi zina nsomba kuchokera ku Chia kupita nazo ku Kasungu ndi ku Lilongwe.

Matenda ake ndi awa. Ikasenza n'kumakwera zitunda za mu M18, muvi wa kutentha umathamangira kofiira. Imafuka utsi wakuda. Kuseri kwa wilo lakutsogolo lakumanja kukutuluka girizi wamadzimadzi. Kumbuyo yagwa, ndipo ikafika 60 kapena 70 chiwongolero chimanjenjemera. Maganizo anga anali oti ndiikwezeko, ndiike matayala akuluakulu, kenaka turbo chifukwa pachitunda ndi yaulesi. Ndalama zizibwera pang'onopang'ono, ndipo ntchito yambiri ndigwirira pakhomo pano ndi mnyamata mmodzi. Ndiyambire pati?

Sipanala_Dwangwa

Achimwene, turbo ndi matayala ziyambe zadikira. 1HZ imapirira zambiri, katundu wopyola muyezo, dizilo wokayikitsa, oyilo wochedwa kusinthidwa, koma kutentha ayi. Ikawira kangapo silinda hedi imang'aluka, ndipo hedi ya masilinda 6 mtengo wake si wamasewera. Ndalama yoyamba ipite kumadzi.

Yambani mwadziwa ngati hedi ikadali yamoyo. M'mawa injini isanalire, tsegulani chivundikiro cha redieta, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani injini n'kumayang'ana. Thovu likamatuluka losaleka, nkhani yavuta. Mukatero tsekani, mugwire payipi yapamwamba: ikalimba gwa pasanathe mphindi ziwiri madzi akadali ozizira, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Apo ndi gasiketi kapena hedi, ndipo kutsuka redieta sikungakupulumutseni.

Ngati thovu palibe, zulani redieta yonse. Kuipopera madzi ili pagalimoto n'kudzinamiza. Magalimoto a kunyanja kuno amwa madzi a pamjigo ndi a m'nyanja zaka zambiri popanda coolant, moti timachubu tamkati tambiri tinatsekeka kalekale ndi dzimbiri. Ikakhala yamkuwa, opanga maredieta asungunule matanki onse awiri, atokose chubu chilichonse, awotchererenso. Koma ngati zipsepse zake zikuyoyoka mukangozikhudza, musawononge ndalama, gulani ina. Kunja kwake nakonso kumamata mankhusu a mpunga, njere za udzu ndi matope. Tsukani kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, osati kukankhira zinyalala mkati.

Mukatsegula malo a thermostat mwina mupeza mulibe kanthu, poti ambiri amaichotsa poganiza kuti ndiye ikutenthetsa injini. Bwezerani. Ntchito yake si kutsekereza madzi kokha, imatsogoleranso madzi kuti adutse mu redieta injini ikatentha m'malo mongozungulira mkati. Yatsopanoyo iyeseni mupoto: iyambe kutseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 76, asanayambe n'komwe kuwira. Chivundikiro cha redieta chikhale cha 0.9 bar, cha labala wosang'aluka. Chikamatulutsa mpweya, madzi amawira msanga ngakhale zina zonse zili bwino.

Tsono chimene ndikuchikayikira kwambiri pa zimene mwafotokozazo ndi fani. Fani ya injini imeneyi siyimangidwa mwachindunji, ili pa kachitsulo kokhala ndi mafuta a silikoni amene amaigwiritsa mwamphamvu kukatentha. Mafutawo akatha fani imangozungulira mwaulemu. Pamsewu wa M5, wopanda zitunda, mphepo ya liwiro imabisa vutoli. Pachitunda, giya 2, katundu ali pamwamba, dzuwa la Okutobala, mphepo palibe, muvi ukwera basi. Yesani chonchi: injini itatentha bwino, zimitsani, muzungulitse fani ndi dzanja. Ikhale yolemera, iime pomwepo mukaisiya. Ikapitirira kuzungulira yokha, yatha. Imatheka kutsegulidwa n'kuthiramo silikoni watsopano, apo ayi gulani ya Aisin. Musaiwotcherere kuti izigwira nthawi zonse: imadya mphamvu, imasokosa, ndipo mukalowa m'madzi mapiko ake amapindikira kutsogolo n'kudula redieta. Chipulasitiki chozungulira fani chija ngati chinatayidwa, sakani china. Popanda icho fani imakoka mphepo ya m'mbali, osati yodutsa mu redieta.

Redieta ili kunja choncho, chitiranitu timing belt, lamba woyendetsa mavavu. Pa 1HZ ya zaka zimenezo lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo inu simukudziwa kuti anaikidwa liti. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu. Gulani lamba, tensioner ndi sipuling'i yake, komanso pampu ya madzi, chifukwa pampuyo siyituluka lamba asanachotsedwe ndiye palibe chifukwa chogwira ntchito imodzi kawiri. Pogula tengani lamba wakale muwerenge mano, poti a injini za 1998 isanafike ndi a pambuyo pake ndi osiyana. Musanavule wakale, zungulitsani injini ndi sipanala mpaka zizindikiro za pa mapule onse awiri zigwirizane ndi za pachitsulo cha kuseri kwake. Lamba akachoka musasunthenso kanthu. Mukaika watsopano, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri kathunthu, muonenso zizindikiro, ndiye mugwire kiyi. Malamba awiri a fani aja sinthani onse pamodzi. Wina watsopano wina wakale, amagwira ndi mmodzi yekha.

Podzaza, sakanizani coolant ndi madzi a batire (osati asidi) kapena a mvula osefa, theka ndi theka. Konzani malita opitirira 10. Ndipo ikani geji ina ya manambala, chifukwa muvi wa Toyota umakhala pakati nthawi yaitali, ukamadzasuntha zinthu zafika kale patali.

Za utsi. Utsi wakuda ndi dizilo wochuluka kuposa mpweya, ndipo dizilo ameneyo ndi kutentha kumene tikulimbana nakoku. Yambani ndi sefa ya mpweya. Kenaka mavavu, injini itazizira: olowetsa mpweya 0.15 mpaka 0.25 mm, otulutsa utsi 0.35 mpaka 0.45 mm. Amakonzedwa posintha mashimu, palibe nati yoti mupotoze, ndiye yezani, lembani papepala, mukagule mashimu oyenera. Manozulo zulani onse 6 mupite nawo kwa oyeza pamakina ku Lilongwe, ndipo pobwezera muike mawashala atsopano. Yang'ananinso sikuluwu ya dizilo kuseri kwa pampu: ngati chidindo chake chinathyoledwa, wina anawonjezera dizilo pofuna mphamvu. Dziwaninso kuti kunyanja kuno tili pansi, mamita osafika 500, pamene Lilongwe ndi Kasungu zapitirira 1,000. Injini yopanda turbo imapuma movutikira kumtunda, choncho kautsi pang'ono kumeneko si matenda. Koma ikamafuka pa Nkhotakota boma pomwe, ilipo nkhani.

Difu_ndi_Giya (Salima)

A Sipanala anena zoona za injini. Ine nditenge kutsogoloko, chifukwa girizi wotulukayo ndi kunjenjemera kwa chiwongolero n'kutheka kuti ndi nthenda imodzi.

Mkati mwa chibulunga chimene wilo limakhotera muli birfield, joyinti imene imapereka mphamvu ku wilo ngakhale litakhota, ndipo imasambira mu girizi wolimba. Oyilo wa difu amakhala kwake, wotsekeredwa ndi silu yaing'ono ya mkati mwa ekiselo. Silu ija ikatha, oyilo amalowa mu girizi n'kumusandutsa ngati phala lamadzi, ndiye amatulukira kuseri. Zotsatira zake ziwiri: difu ikuuma, ndipo mabering'i a kingpin, amene wilo limakhoterapo, akutsukidwa. Kupukuta kapena kusintha zofufutira zakunja zokha sikuchiza.

Musanamasule, kwezani wilo, muligwire pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, mnyamata wanu aponde buleki. Kusewera kukatha ndi mabering'i a wilo, kukapitirira ndi a kingpin. Kenaka gwirani kumanzere ndi kumanja: kusewera kwa uko ndi ma tie rod end, molumikizira ndodo za chiwongolero.

Chitani mbali zonse ziwiri, musanyengedwe kuti inayo ndi youma. Gulani knuckle kit yathunthu: masilu amkati, zofufutira za labala ndi za nsalu, magasiketi, mabering'i 4 a kingpin, mashimu, masilu a habu ndi mawashala opinda. Mabering'i akhale a Koyo kapena ena odziwika, ndipo silu yamkati ikhale yeniyeni ya Toyota ngakhale zina zonse mutagula zotchipa. Ndi kachinthu kakang'ono, koma kakalephera mumasulanso zonse. Girizi wa moly, wakuda uja, kilo imodzi ndi theka. Girizi wa mabering'i a wilo theka la kilo. Oyilo wa difu wa GL-5 80W-90 malita 3. Zida: soketi ya 54 mm, pulayala ya ma circlip, chitsulo cha mkuwa chomenyera, torque wrench ngakhale yobwereka, parafini wotsukira, ndi sikelo yokoloweka ija ogula mbewu amayezera.

Malo ogwirira ntchito asakhale pamchenga. Pansi pa jeke ikani thabwa lochindikala, ndipo galimoto ikhale pa zipika za mtengo wolimba. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Pokhetsa oyilo wa difu, yambani mwamasula pulagi yothirira. Mukayamba ndi yapansi kenaka yapamwamba n'kukana, mwatsala ndi difu youma. Chotsani wilo ndi kalipa, kalipayo muimangirire ndi waya isalendewere pa payipi. Ikani habu pa FREE, chotsani chivundikiro chake ndi circlip. Thupi la habu limagwidwa ndi timawashala tosongoka timene timakakamira: masulani manati mpaka alingane ndi nsonga za mabawuti, gundani nsongazo ndi chamkuwa chija, timatumpha tokha. Osalowetsa tchizulo pakati, muwononga pokhala gasiketi. Wongolani washala wopinda, masulani manati awiri a 54, habu ndi disiki zituluke, kenaka spindle. Birfield ili ndi mbali yophwatalala. Itembenuzeni mbaliyo iloze kumwamba ndipo ituluka pamodzi ndi shafiti. Mukailimbana mwamphamvu siyibwera.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pansi pa mkono wa chiwongolero, pamwamba, pali mashimu, ndipo pa chivundikiro chapansi palinso ena. Mashimu amenewa amagwira ntchito ziwiri: kulimbitsa mabering'i, ndi kuika knuckle, chitsulo chokhota chimene chanyamula wilo, pakatikati kuti shafiti idutse mu silu mowongoka. Mukawasokoneza, shafiti imatsamira mbali imodzi, silu yatsopano n'kutha m'miyezi yochepa. Apamwamba muthumba lawo, apansi mu lawo, kumanja payokha, kumanzere payokha.

Tsukani zonse ndi parafini. Onani mipira ndi khola la birfield ngati zili ndi maenje kapena ming'alu. Ngati inkalira kuti kha kha kha pokhota muli mu 4WD, yatha. Papasani ndi chikhadabo pamene silu imakhudza shafiti. Pakakhala ngalande yakuya, silu yatsopano siyigwira pamenepo. Chibulunga chija chikakhala ndi dzimbiri, chisalazeni ndi sandipepa wosalala kuti chisadye zofufutira.

Pomanga, silu ilowe mowongoka. Bwezerani mashimu monga analiri, mangani manati a mkono pa 96 Nm, ndiye muyeze musanaike zofufutira ndi tie rod: kolowekani sikelo pa bowo la kumapeto kwa mkono, kokani. Iwerenge makilo 3 mpaka 4 knuckle ikamayenda. Ikapepuka chotsani mashimu, ikalemera wonjezerani, koma mofanana pamwamba ndi pansi. Dzazani birfield ndi moly, ndipo polowetsa shafiti muinyamule isakhulane ndi mlomo wa silu. M'chibulunga girizi afike magawo atatu mwa anayi, osadzaza thothotho. Mabering'i a wilo: mangani nati yoyamba pa 59 Nm, zungulitsani habu kangapo, masulani, mumangenso pang'ono chabe, sikelo pa bawuti ya wilo iwerenge makilo 3 mpaka 5. Ikani washala watsopano ndi nati yachiwiri, muyezenso, chifukwa nati yachiwiri imawonjezera kulimba.

Chimene chimapha silu nthawi zambiri ndi breather, kabowo kopumira pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi matope, difu ikatentha mpweya umasowa kolowera n'kukankha oyilo kudutsa silu. Katsukeni, ndipo poti mukuyenda m'madambo, lumikizani payipi ya dizilo muikweze mpaka m'boneti, kumapeto kwake muike kasefa kakang'ono ka petulo. Chitani chimodzimodzi ku difu yakumbuyo, giyabokosi ndi transfer.

Chiwongolero chikapitirizabe kunjenjemera, onani matope ouma mkati mwa marimu, balansi ya matayala, mabushi a masipuling'i ndi ma U-bolt. Steering damper, shokapu ya chiwongolero, yatsopano imangobisa vuto.

Mabuleki musawasiye. Tsegulani madiramu akumbuyo. Mashuzi akanyowa ndi oyilo wa ekiselo kapena brake fluid, satsukidwa, amatayidwa, ndipo mukonze kaye chimene chikudontha. Fluid yense atuluke, mulowe DOT 3 watsopano. Potulutsa mpweya yambani ndi wilo lakutali ndi master, pampu ya buleki ija, mutsirize ndi vavu ya katundu imene ili pashasi kumbuyo. Iyonso ili ndi nipo yake, anthu amaiiwala, buleki n'kumakhala yofewa.

Wowotcherera_Benga

Bwana, musanagule sipuling'i ngakhale imodzi, lowani pansi ndi hamala. Shasi ya 75 ndi yabokosi, matope amalowa mkati n'kukhala onyowa mpaka Juni, ndiye imaola kuchokera mkati penti ali bwinobwino kunja. Gogodani paliponse, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i akumbuyo, pa zitsulo zopingasa, ndi pozungulira steering box pamene pamakonda ming'alu. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, choola chimangoti phu. Lowetsani payipi ya madzi m'mabowo a shasi mpaka madzi azituluka oyera, iume masiku angapo, mupoperemo mafuta oteteza dzimbiri.

Pakapezeka mng'alu, boolani kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, kumbani ndi girayinda, wotchererani, ndiye muphimbe ndi chigamba chochindikala mofanana ndi shasiyo, chodulidwa mosongoka mbali zonse ziwiri. Chigamba cha makona anayi chimasiya mzere wowotcherera woimirira, ndipo shasi idzathyokera pomwepo. Chotsani mawaya a batire musanayatse makina, ndipo muone pamene padutsa mapayipi a dizilo ndi a buleki. Katundu wanuyonso ndi mdani wa bodi: feteleza ndi madzi a nsomba zimadya chitsulo kuposa mvula. Yalani lona kapena labala, muzitsuka tsiku lomwelo, mabowo otulutsira madzi akhale otseguka.

Kumbuyo kwagwako. Masulani mpukutu wonse wa masipuling'i, muone tsamba lililonse. Lothyoka limabisala pakati, pafupi ndi bawuti yapakati. Kuwapinda ndi hamala pa njanji kumakweza galimoto lero, pofika nthawi yokolola yabwerera pomwe inali. Ngati ndalama zavuta, sinthani othyoka muwonjezere tsamba limodzi lalitali mbali iliyonse, mofanana. Ngati zilipo, gulani mipukutu yatsopano ya katundu wolemera. Mabushi onse atsopano, bawuti yapakati yatsopano, ma U-bolt atsopano chifukwa akale anatamuka kale. Mapini a shackle, tizitsulo tolumikiza nsonga ya sipuling'i ku shasi, mumange komaliza galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake. Mukamanga ili m'mwamba, labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Mukayenda makilomita 500 mubwerezenso ma U-bolt.

Masipuling'i atsopano okha akweza galimotoyo kuposa mmene mukuionera panopa, mwina chilakolako chokweza chithera pomwepo. Mukafunabe, musapyole 50 mm, ndipo kukwerako kuchokere ku masipuling'i, osati ku ma shackle ataliatali osula kumsika. Pa 75 shackle yakutsogolo ili kumaso kwa sipuling'i. Mukaitalikitsa ekiselo imapendekeka, caster (kupendekeka kumene kumabweza chiwongolero pakati) imachepa, galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu ndipo chiwongolero sichibwerera chokha mukakhota. Mukakweza, onani ngati mashokapu ndi mapayipi a buleki akufika ekiselo ikalendewera, ndipo kachitsulo ka vavu ya katundu a Difu anena ija mukakweze mofanana ndi mmene mwakwezera galimoto. Mukapanda kutero vavu imayesa kuti galimoto ilibe katundu nthawi zonse, n'kumamana mabuleki akumbuyo mphamvu pamene mwasenza matumba 20.

Matayala akuluakulu ine sindikuwavomereza. Pansi pa difu pamakwera pang'ono, inde, koma tayala lalitali limatalikitsa magiya onse, ndipo injini ya 96 kW imene mukuitcha yaulesiyo ifookeratu. Mabering'i amene mwangomangawo avutika, mabuleki atalika, dizilo achuluka. 7.50R16 ndiye tayala la galimoto imeneyi, limapezeka ngakhale pa Dwangwa ndi pa Salima, ndipo pa dothi lamakande tayala lopyapyala limadula matope n'kupeza polimba. Mukafuna opanda chubu, 235/85R16 ndi ofanana nawo kutalika, koma agulireni marimu ake. Pamchenga wa kugombe chinsinsi ndi mpweya: tsitsani kufika 1.5 bar, mudutse, mupope musanakwere tala. Kompuresa yaing'ono ikuthandizani kuposa matayala a mainchesi 33. Ndipo ngati muli ndi marimu ogawika aja, popopa mkombero uloze pansi kapena kukhoma, munthu asaweramirepo. Ukafwamphuka umapha.

Mlimi_wa_ku_Bua

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayesa m'mawa uno, thovu palibe, koma fani ikungozungulira yokha monga mwanenera. Ndiyamba ndi madzi ndi lamba, kenaka kutsogolo. Mafunso awiri otsala. Zonsezi zikatha, turbo ndi yoletsedweratu? Chachiwiri, dzinja timawoloka timitsinje, komanso dizilo akasowa pa filing'i timagula wa m'zigubu. Ndiiteteze bwanji?

Difu_ndi_Giya (Salima)

Yoletsedweratu ayi. Alipo amene amaika turbo pa 1HZ n'kuyenda nayo bwino, koma amaika mpweya wochepa, cha m'ma 0.5 bar, pampu n'kuitchuna munthu wodziwa, komanso geji yoyeza kutentha kwa utsi ili pamaso pa dalaivala. Vuto ndi lakuti injiniyi siinapangidwire turbo. Mapisitoni ndi hedi yake n'zosiyana ndi za 1HD-T, imene Toyota anaipanga ndi turbo kuchokera kufakitale. Muyeze kaye compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya. Masilinda akasiyana kwambiri, kapena ikamapuma utsi wambiri pa chivundikiro cha oyilo, iwalani.

Sipanala_Dwangwa

Apo a Difu tisiyana pang'ono. Zimene mwanenazo n'zoona kwa munthu woyendetsa yekha, diso lili pa geji. Galimoto ya mpunga imapatsidwa dalaivala, yasenza mopyola, ndipo iye akufuna akafike ku Kasungu msika usanathe. Phazi likhala pansi chitunda chonse. Pa injini ya makilomita 380,000 ine ndingakane. Achimwene, mavavu, manozulo ndi sefa zikakonzedwa, mabuleki akumbuyo akasiya kugwira okha, muyendetse kaye mwezi umodzi ndiye mudzatiuze ngati ikadali yaulesi. Pachitunda tsikani giya msanga injini izizungulira momasuka. Kuikakamiza pa giya yaikulu ndi kumene kumabweretsa utsi ndi kutentha.

Za dizilo wa m'zigubu: adani ndi madzi, mchenga ndi parafini. Pampu ya 1HZ imadzozedwa ndi dizilo yemweyo, ilibe oyilo wakewake, choncho madzi amaichititsa dzimbiri ndipo parafini amaikhula. Chigubu chikhale usiku wonse chisanathiridwe, muthire kudzera pa nsalu yoyera yothinana, ndipo malita awiri apansi musathire. Ikani sefa yachiwiri yokhala ndi kabotolo koonekera pansi, pakati pa thanki ndi sefa ya Toyota, kuti madzi muziwaona ndi maso. Sefa ya Toyotayo ili ndi kapulagi pansi: masulani, popani kapampu ka pamwamba mpaka dizilo atuluke woyera. Chitani zimenezi sabata iliyonse m'dzinja, osadikira nyali ya pa dashibodi chifukwa pa galimoto ya zaka zimenezi mwina waya wake unaduka kale. Sefa yapadera izikhala kuseri kwa mpando. Kapampu kaja kakamakana kulimba, kapena injini ikamavuta kulira m'mawa koma masana ayi, mpweya ukulowa penapake dizilo n'kubwerera ku thanki usiku. Ikani kachidutswa ka payipi yoonekera pafupi ndi pampu, thovu mulipeza. Ngati thovu palibe, yezani ma glow plug, mapulagi otenthetsa injini poliza, limodzilimodzi, ndipo pogula muone kaye ngati galimoto yanu ndi ya 12V kapena 24V, poti ma 75 alipo a mitundu yonse iwiri ndipo mapulagi ake salowana.

Powoloka madzi, snorkel, payipi yokokera mpweya wa injini kuchokera pamwamba, ndi yabwino, ndipo pafumbi la chilimwe imathandizanso sefa, koma ndi yachabe ngati molumikizira mwake simunamatidwe. Yesani injini ili pa idling: phimbani kukamwa kwake ndi kathabwa kamphindi. Injini ikapitirira kulira osasintha, ikuba mpweya pena. Tsekani mahabu mukadali pouma, lowani ndi L4 (4WD ya magiya otsika) giya 2, liwiro limodzi, osaponda kilatchi pakati pa madzi. Madzi othamanga amene munthu sangaimemo, galimoto isalowemo. Ikazima m'madzi musayese kuliza: ikokeni, zulani ma glow plug onse, chotsani waya wa solenoid ya pampu kuti dizilo asalowe, muzungulitse ndi sitata madzi atuluke m'masilinda, musinthe oyilo ndi masefa. Mukaliza madzi ali mkati, con rod, chitsulo chogwira pisitoni, imapindika. Mukawoloka pakuya, tsiku lotsatira masulani mapulagi a madifu muone oyilo. Akatuwa, walowa madzi, akhetsedwe. Popani girizi m'manipo onse a propshaft mpaka wakale atuluke.

Mukangokwera tala bwererani ku H2, yoyendetsa mawilo akumbuyo okha. Galimotoyi ilibe difu yapakati, ndiye 4WD pa msewu wouma imamanga magiya mpaka china chithyoke, ndipo kawirikawiri chimathyoka ndi birfield. Komabe kamodzi pamwezi tsekani mahabu muyende makilomita angapo pafumbi kuti oyilo azungulire kutsogoloko.

Wowotcherera_Benga

Kuwonjezera pa za snorkel: pobowola fenda pakani penti m'mphepete mwa bowo musanalowetse payipi, apo ayi dzimbiri liyambira pomwepo. Oyilo wakale amene mukhetse musungeni m'chigubu, opaka matabwa ndi mitengo ya makola amamufuna, asapite mu ngalande yolowera kunyanja. Mukamapita ku Lilongwe ndi manozulo, nyamulani nambala ya shasi ndi zitsulo zakale zimene mukukasintha, kuphatikizapo mashimu a mavavu mutalemba silinda yake pa lililonse.